Madzi a mu lipenga: malovu kapena mame?

Aliyense amene anaonererapo gulu loliza malipenga, kaya la apolisi, la asilikali kapena la tchalitchi, anaonapo kachitidwe kena kamene sikalengezedwa pa pulogalamu. Nyimbo ikangoduka, woliza amaweramitsa lipenga lake, n'kukanikiza kachitsulo kakang'ono kokhala chapansi, n'kuuziramo mpweya, ndipo timadzi timadonthera pansi. Ana amaseka, akuluakulu ena amayang'ana kumbali. Onsewo amagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti amenewo ndi malovu. Ngakhale oliza malipenga olankhula Chingerezi amakatchula kachitsuloko ndi dzina lotanthauza valavu ya malovu. Dzina la Chipwitikizi lakuti chave de água ndilo lili pafupi ndi choona, pakuti gawo lalikulu la zimene zimatulukazo ndi madzi enieni, opangika m'njira yofanana ndi mame a pa udzu.

Nkhaniyi ili ndi phindu pawiri. Lipenga ndi chida chodula, ndipo ku malo ngati Fíngoè, likulu la boma la Marávia, munthu sangayembekeze kupeza wolikonza pamsika monga apezera wokonza njinga. Madzi osiyidwa m'katimo ndi amene amaliwononga. Komanso kwa mphunzitsi wa Ciências Naturais, lipenga ndi chitsanzo chooneka ndi maso cha phunziro limene limavuta ana ambiri, la mmene madzi amasinthira kuchoka ku mpweya kubwerera ku madontho.

Mpweya wa munthu ndi wonyowa

M'mapapo mwa munthu ndi mofunda ndiponso monyowa. Mpweya ukamatuluka pakamwa umakhala wofunda pafupifupi madigiri 35, ndipo umakhala utasenza chinyezi pafupifupi chonse chimene mpweya wofunda choncho ungasenze. Chinyezi chimenechi sichioneka. Ndi madzi amene asanduka mpweya n'kusakanikirana ndi mpweya unzake.

Mfundo yonse yagona pa lamulo limodzi: kuchuluka kwa madzi amene angakhale mu mpweya kumadalira kufunda kwa mpweyawo. Mu kiyubiki mita imodzi, yomwe ndi malita 1000, mpweya wa madigiri 35 ungasunge magalamu pafupifupi 40 a madzi. Pa madigiri 30 ungasunge magalamu 30, pa madigiri 20 magalamu 17, pa madigiri 15 magalamu 13, ndipo pa madigiri 10 magalamu 9 okha. Manambalawa sakutsika mofanana. Kuchoka pa 35 kufika pa 30 patayika magalamu 10, pamene kuchoka pa 15 kufika pa 10 patayika magalamu 4. Ndiye kuti mpweya wofunda wonyowa ukangozizira pang'ono chabe, umataya madzi ambiri nthawi yomweyo. Madzi otsalawo alibe kolowera, amamatirira pa chinthu chozizira chimene chili pafupi n'kukhala timadontho.

Tsono lipenga ndi chinthu chozizira chachitali. Lipenga lofala kwambiri, la Si bemol, likanati liwongoledwe likanatalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo m'mimba mwa paipi yake muli mamilimita osapitirira 12 pa gawo lalikulu la utaliwo. Limapangidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, kawirikawiri magawo 70 a mkuwa ndi magawo 30 a zinki, ndipo khoma la paipiyo ndi lopyapyala, pafupifupi theka la milimita. Chitsulo choterechi chimadutsitsa kutentha mofulumira kuposa mtengo kambirimbiri. Kufunda kumene mpweya wa munthu wabweretsa kumatuluka msanga kupita kunja, paipi imakhalabe yozizira, ndipo mpweya uliwonse watsopano umapeza khoma loti utayepo madzi ake.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo mwana wa kalasi ya 6 angathe kuwachita. Munthu wamkulu akakoka mpweya kwambiri angatulutse malita atatu. Ngati pokonzekera nyimbo auzira choncho maulendo 100, ndiye kuti malita 300 adutsa mu lipenga, atanyamula magalamu 12 a madzi. Ngati paipi ili pa madigiri 15, mpweyawo ungatuluke ndi magalamu 4 okha, ndipo mpaka magalamu 8 angatsale m'kati, ndiko kuti supuni yaing'ono ya tiyi imodzi ndi theka. Ngati paipi ili pa madigiri 30, otsala sangapitirire magalamu 3. Awa ndi malire a pamwamba, chifukwa paipi nayo imafunda pang'ono munthu akamaliza kwa nthawi, makamaka chakukamwa ndi pamene manja agwira. Komabe kusiyanako n'koonekeratu: woliza yemweyo, nyimbo yomweyo, malovu omwewo, koma madzi ochuluka kuwirikiza kawiri kapena katatu chifukwa cha nyengo basi.

Pano ndi pamene mfundo ya malovu imagwera. Akanakhala malovu, bwenzi akuchuluka mofanana mu Juni ndi mu Okutobala. Kuwonjezera apo, malovu ndi onanda, amakoka ulusi, pamene zotuluka mu lipenga zimadontha ngati madzi a pa denga. Sikuti mulibiretu malovu. Pang'ono amalowa, pamodzi ndi tizidutswa ta chakudya, makamaka kwa wophunzira amene sanazolowere kugwira milomo. Pang'ono pomwepo m'pamene pali vuto lina, limene lifotokozedwe kutsogoloku.

Juni wa ku Fíngoè ndi Okutobala wa ku Tete

Fíngoè ili pamtunda, kumpoto kwa nyanja ya Cahora Bassa, pa msewu wopita ku Zumbo, pamalo okwera mamita opitirira 800. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pamalo osafika mamita 200. Popeza mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1000 aliwonse amene munthu wakwera, kukwera kokhako kumasiyanitsa malo awiriwa ndi madigiri anayi kapena kuposerapo. Lipenga lomwelo lingasonkhanitse madzi ambiri m'mawa wa Juni ku Marávia kapena ku Angónia kuposa masana a Okutobala ku Tete, kumene chitsulo chosiyidwa padzuwa chimafunda kuposa mpweya wa munthu ndipo madzi sapeza n'komwe pomatirira.

Kalendala nayo inachita ngati kupangana. Mozambique imakumbukira ufulu wake pa 25 Juni, kuyambira 1975, ndipo Malawi pa 6 Julayi, kuyambira 1964. Masiku onse awiriwa, amene magulu a malipenga amagwira ntchito yaikulu, ali pakati penipeni pa nyengo yozizira. Anzawo a ku Zambia, amene tsiku lawo ndi 24 Okutobala, amalimbana ndi thukuta m'malo mwake.

Chitsanzo chapafupi kwambiri ndi lipenga, ngakhale sichilowa m'mabuku a sukulu, ndi mmene amatchezera kachasu. Mphika umawira, nthunzi imalowa mu paipi yachitsulo, paipiyo imadutsa m'madzi ozizira, ndipo kumapeto kwake kumadontha zamadzimadzi. Wotcheza aliyense amadziwa kuti madzi oziziritsa paipi akafunda ayenera kusinthidwa, apo ayi madontho amachepa. Pa lipenga, mphika ndi chifuwa cha munthu ndipo madzi oziziritsa ndi mphepo ya m'mawa. Zitsanzo zoyenera m'kalasi zilipo zambiri: madontho a kunsi kwa chivundikiro cha mphika wa ndiwo, malata amene amadontha mbandakucha popanda mvula, galasi la minibasi lochita chifunga anthu akadzaza.

Chifukwa chake lipenga limachita "bwatabwata"

Anthu ambiri amaganiza kuti phokoso la lipenga ndi mphepo yamphamvu yotuluka kukamwa kwake kwakukulu. Si choncho. Mpweya umayenda pang'onopang'ono m'katimo, moti lawi la kandulo loikidwa patsogolo pa lipenga lolira silizima wamba. Chimene chimalira ndi kunjenjemera. Milomo ya woliza imatseguka ndi kutsekeka maulendo mazanamazana pa sekondi, ndipo mpweya wa mu paipi umanjenjemera nawo. Popeza mphepo yodutsa ndi yofooka, siingathe kukankhira madzi kunja. Madontho amatsetsereka n'kukasonkhana pamalo otsika, pamene paipi yakhota.

Madzi akachuluka pokhotapo amachepetsa njira, ndipo mpweya wonjenjemera uja umawakankha uku ndi uku. Njira imatseguka, imatsekeka, imatsegukanso, ndipo mawu amatuluka odukaduka ngati madzi obwata. Supuni imodzi yaing'ono ndi yokwana kusokoneza paipi yopapatiza chotere. N'chifukwa chake opanga malipenga amaboola kabowo pansi pa pokhota poyamba, pa paipi yokokeka imene amachunira mawu, n'kukatseka ndi kachitseko kokhala ndi sipuling'i ndi kanjere ka koko. Malipenga ambiri ali ndi kachitseko kachiwiri pa paipi ya valavu yachitatu. Madzi ochuluka amapangika m'chigawo choyamba, pakati pa kamlomo ndi mavalavu, chifukwa m'pamene mpweya umakumana ndi chitsulo ukadali wofunda ndi wonyowa kwambiri.

Malipenga akale a ku Ulaya analibe mavalavu. Heinrich Stölzel wa ku Germany ndiye anayamba kuwaika cha mu 1814, ndipo mtundu wa valavu umene uli pa malipenga ambiri lero unapangidwa ndi François Périnet ku Paris mu 1839. Valavu iliyonse imawonjezera kapaipi kokhota, ndipo pokhota paliponse ndi mosungira madzi. Zida zazitali zimavutika koposa. Trombone ili ndi paipi ya mamita pafupifupi 2.7, ndipo chida chozungulira chija chotchedwa trompa m'Chipwitikizi chili ndi mamita pafupifupi 3.7, moti ochiliza amaoneka akuchitembenuza ngati chiwongolero cha galimoto kuti madzi apeze njira.

Malipenga a makolo alibe vuto lotere. Lipenga la nyanga, kapena zikho zimene amaliza pa gule wa malipenga ku Nkhata Bay ndi ku Karonga ndiponso pa mganda m'chigawo chapakati cha Malawi, magule amene anayamba potsanzira perete wa asilikali, ndi zazifupi, zilibe mokhota mopapatiza, ndipo sizitaya kufunda msanga ngati mkuwa.

Kuzizira kumatsitsanso mawu a lipenga. Ambiri amati chitsulo chafupika ndi chisanu, koma masamu akukana. Lipenga likazizira ndi madigiri 15 limafupika ndi utali wosafika theka la milimita, ndipo kufupika kukanakweza mawu, osati kuwatsitsa. Chimene chimasintha ndi liwiro la phokoso mu mpweya: mamita 340 pa sekondi pa madigiri 15, ndi mamita 349 pa madigiri 30. Mu mpweya wozizira phokoso limachedwa ndipo mawu amatsika. Woliza wodziwa amauzira mpweya wofunda mwakachetechete nyimbo isanayambe. Potero amakweza mawu, komanso amachepetsa madzi a m'mphindi zoyamba, pamene chitsulo chili chozizira kwambiri.

Zimene madzi osiyidwa amachita

Madzi okha sakanakhala oopsa. Koma akasakanikirana ndi malovu pang'ono aja, shuga wa tiyi kapena wa zakumwa za m'botolo ndi tizidutswa ta chakudya, amayamba kudya chitsulo. Amasungunula zinki n'kusiya mkuwa wokhawokha wofumbutuka. Kunja kumayamba kuoneka timadontho tofiirira, kawirikawiri pa paipi yoyandikana ndi kamlomo. Timadonthoto tikaoneka kunja ndiye kuti m'kati mwadyeka kale, ndipo mapeto ake ndi kabowo. Palibe mankhwala obwezera zinki, paipiyo imangofunika kusinthidwa. Madzi omwewo akauma amasiya zoyera ndi zobiriwira zimene zimagwira mapaipi okokeka mpaka osasunthanso.

M'kati monyowa ndi mwamdima mumameranso chuku ndi tizilombo tosaoneka. Mu 2010 madokotala a pa University of Connecticut ku America analemba za woliza trombone amene anakhosomola kwa zaka zambiri, ndipo chifuwacho chinapezeka kuti chimachokera ku chuku ndi mabakiteriya a m'chida chake. Anapeza bwino atayamba kuchitsuka. Mu 2016 madokotala a ku Manchester anafotokoza za bambo wa zaka 61 amene anamwalira ndi matenda a mapapo ochokera ku chuku cha m'chida cha ku Scotland chokhala ndi thumba la mpweya, bagpipes. Matenda otere si ofala, ndipo palibe chifukwa choopsezera nawo ana. Koma pamene lipenga limodzi likuphunziridwa ndi ana asanu, kutsuka kamlomo ndi sopo wina asanalandire n'koyenera kukhala lamulo. Pa nthawi ya Covid-19 mu 2020, magulu ambiri anayamba kukhuthulira madziwa pa kansalu kapena m'kachitini m'malo mwa pansi, ndipo chizolowezi chimenecho n'chosafunika kuchitaya.

Chisamaliro chake sichilira ndalama zambiri. Woliza achukuche m'kamwa ndi madzi asanayambe. Akhuthule madzi nyimbo ikaduka, osadikira kuti lipenga liyambe kubwata, ndipo pouzira asalize mawu, angotulutsa mpweya lipenga litaweramira kumene kuli kabowo. Pokhuthula paipi ya valavu yachitatu ayenera kukanikiza valavuyo, apo ayi mpweya sudutsako. Akamaliza akhuthule paliponse, ndipo akafika kunyumba asiye bokosi lotsegula kwa kanthawi, makamaka nthawi ya dzinja. Kamodzi pa mwezi lipenga limasulidwe n'kutsukidwa m'madzi ofunda pang'ono a sopo wosaluma. Madzi otentha amasupula utoto wowala wa kunja. Mavalavu amafuna mafuta akeake opepuka. Mafuta ophikira amanda pakapita masiku n'kugwira valavu. Koko wa pa kachitseko akatha, lipenga limapuma pambali ndipo mawu amafooka. Kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga kungapulumutse tsiku limodzi la perete, koma mphirawo ukakhalitsa umadetsa siliva ndi kudya utoto.

Mawu amene amasokeretsa

Mu 1983 Roger Osborne ndi Mark Cosgrove a ku New Zealand anafalitsa kafukufuku wa mmene ana amaganizira za kusintha kwa madzi. Anaonetsa ana botolo lokhala ndi ayezi n'kuwafunsa kumene madzi a kunja kwake achokera. Ena anati madziwo adutsa m'galasi, ena anati kuzizira ndiko kwadutsa n'kusanduka madzi. Maganizo otere anapezeka ngakhale mwa ana akuluakulu amene anali ataphunzira kale sayansi. Mwana wonena kuti mu lipenga muli malovu akuganiza mofananamo. Waona madzi, ndipo wafunafuna malo apafupi pamene pali kale zamadzimadzi, chifukwa sakukhulupirira kuti mpweya wosaoneka ungabale madzi.

Chinyanja chili ndi mawu okwanira ofotokozera zimenezi, koma ena mwa iwo amanyamula maganizo olakwika omwewo. Anthu amati botolo lozizira "likutuluka thukuta", pamene thukuta limachokera m'kati ndipo madzi a pa botolo amachokera kunja. Amati "mame agwa", ngati kuti atsika kumwamba monga mvula. Chipwitikizi nacho chimati o orvalho cai. Amene anasonyeza bwino kuti mame sagwa ndi William Charles Wells, m'buku lake la mu 1814, chaka chomwecho cha mavalavu a Stölzel. Iye anapeza kuti usiku wopanda mitambo udzu umazizira kuposa mpweya wouzungulira, ndipo mame amapangika pa udzu pomwepo.

Liwu lovuta kwambiri ndi lakuti nthunzi. Pa Chinyanja cha tsiku ndi tsiku, nthunzi ndi chinthu chooneka, choyera, chofuka pa mphika. Koma vapor de água ya m'buku la sayansi ndi yosaoneka. Choyera chija ndi timadontho tating'onoting'ono ta madzi amene abwerera kale kukhala madzi, monga nkhungu ya m'mawa. Mphunzitsi akamasulira vapor kuti nthunzi n'kupitirira, mwana amamva kuti mu mpweya wa m'chipinda mulibe nthunzi popeza sakuiona, ndipo condensação imangokhala liwu loloweza pamtima. Kusiyanitsa kuwiriku kumafuna mawu owonjezera, monga "nthunzi yosaoneka" ndi "nthunzi yooneka", kapena kusunga liwu lakuti chinyezi kuti liziimira yosaonekayo. Pa ketulo yowira, pakati pa mlomo wa ketulo ndi mtambo woyera pamakhala kampata kooneka ngati mulibe kanthu. Kampata kameneko ndiye vapor weniweni.

Sukulu zambiri zilibe lipenga, koma phunziroli silifuna lipenga. Pafunika masupuni awiri achitsulo. Imodzi iviikidwe m'madzi a mumtsuko n'kupukutidwa bwino, ina ikhale padzuwa kapena m'khwapa kwa mphindi zingapo. Mwana auzire mpweya pa iliyonse, pakamwa pali yasa, milomo isakhudze. Yozizira imachita chifunga, yofunda imakhala yowala kapena chifunga chake chimatha nthawi yomweyo. Mwana ndi yemweyo ndipo malovu sanakhudze supuni, chasiyana ndi kufunda kwa chitsulo chokha. Kenaka auzire kangapo m'jumbo loonekera m'kati, alimange n'kuliika pamthunzi, ndipo timadontho tidzaoneka m'makoma ake. Akaliika padzuwa timadonthoto timachepa ngakhale jumbolo lili chimangire, ndipo funso loti ana alimbane nalo m'magulu, m'chilankhulo chimene amatsutsirana bwino, ndi lakuti madziwo apita kuti. Phunziroli limayenda bwino m'maola oyamba a m'mawa, m'miyezi ya Juni ndi Julayi.